Nsapato za Kamunthu ka Nyali

Kwathu ku Sekondi, munthu akakometsera nkhani mpaka kupyola muyezo, sitimutchula wabodza. Timangoyang'anana n'kunena kuti, "Ehe, kavula nsapato." Ana amene amanena mawuwa masiku ano sadziwa n'komwe kumene anachokera. Koma Kukua Bentsiwa, mayi wogulitsa dokono, chakudya chathu cha phala losasa la chimanga, pafupi ndi msika wa nsomba, ankadziwa bwino, poti mawuwo anasulidwira iyeyo, ndipo anawasenza zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri.

Bambo ake, Egya Kobina, anali wophika m'sitima zapamadzi. Amuna a ntchito imeneyi ali ndi nthenda imodzi: sabwera chimanjamanja, koma zimene amabweretsa ndi zimene palibe anawatuma. Ena anabwera ndi mawotchi olira ngati mbalame, ena zipewa zaubweya m'dziko lotentha lino. Egya Kobina, m'chaka cha 1986, anatsika padoko la Takoradi atasenza katoni ya ku Japan. M'katimo munali kamakina ka gemu kolumikiza ku tivi, kaseti imodzi yokha, ndi kabokosi kachitsulo kolemera kochepetsa mphamvu ya magetsi. Zolembedwa pakatonipo palibe anatha kuziwerenga. Akuti kampani yake inagwa chaka chotsatiracho, moti ngakhale kwawoko anthu ambiri sanakaonepo kamakinako.

Gemuyo anyamata anaizindikira msanga. Inali yomwe ija ya pachimakina choponya makobidi chimene chinkaima pakhomo la holo ya mafilimu: kamunthu konyamula nyali kakukwera nsanja ya m'mbali mwa nyanja, kulumpha nkhanu, kuzinda mbalame, kudumpha mipata. Ife tinkangoitcha Kanyali. Katswiri wa chimakinacho anali Ato Yankson, mnyamata wamtali, wa pakamwa posatseka. Ankakwera nsanja yonse, gemu n'kuyambiranso pansi, iye n'kukweranso, mpaka katatu ndi khobidi limodzi. Kukua anali asanachikhudzeko chimakinacho. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu akanangoima pakhomo la holoyo, nkhani ikanafika kwa mayi ake iye asanafike kunyumba.

Ndiye Ato anabwera kwa Egya Kobina ndi gulu lake, chifuwa patsogolo, kudzaonetsa anthu mmene amasewerera. Anagwa pagawo lachiwiri. Anayesanso, anagwa pachitatu. Tivi ya pakhomopo inali yakale, yosaonetsa mitundu, zonse zinali zakuda, zoyera ndi zotuwa, ndipo mawu a gemuyo sankatuluka. Choipa kwambiri, kamunthu ka m'nyumbako kanali kogontha. Ukadina kuti kalumphe, kankayamba kaganiza kaye, n'kudzalumpha nkhanu itakaluma kale. Zala za Ato zinazolowera kamunthu komvera ka kuholo, ndiye zinkachedwa nthawi zonse.

"Egya, anakuberani," anatero Ato akuponya chodinira pampando. "Aka si Kanyali ayi. Ndi msuweni wake wodwaladwala."

Patatha masabata awiri anyamata analeka kubwera, Egya Kobina n'kubwerera kunyanja. Kamakina kanatsala ndi Kukua.

Amene anaphikapo dokono akudziwa kuti ntchito yake yaikulu ndi kudikira. Ukakulunga phala losasa lija m'masamba a nthochi n'kusanja mumphika, pamatsala maola angapo ongosonkheza moto ndi kuthira madzi. Ntchito imeneyi inali ya Kukua, ndipo maolawo anawapereka kwa kamunthu kogontha kaja. Iye analibe zala zoti zisiye chizolowezi. Anangoona kuti kamunthuko kamafuna kuuzidwiratu, monga amachitira amuna ena, ndiye anayamba kudina nthawi isanakwane. Kuti asaiwale, anapeka nyimbo, gawo lililonse ndime yake:

Ponda, ponda, nkhanu ipite,
lumpha usanafike, mwamuna iwe,
ponda katatu, werama, kwera.

Miyezi isanu inatha. Masana ena, mayi ake atapita kumaliro ku Shama, Kukua anafika pagawo lakhumi ndi chiwiri, lomwe linali lomaliza pakasetiyo. Panali phompho lalikulu lodzaza nkhungu. Anaponda timasitepe totuwa timene tinkaoneka m'nkhungumo, tisanu ndi tiwiri, n'kufika pamwamba. Kamunthu kanayatsa nyali yaikulu ya nsanjayo n'kuima. Nthawi yomweyo fungo la chopserera linalowa m'nyumba, madzi anali ataphwa mumphika. Anaponya chodinira pansi n'kuthamangira kumoto. Pobwerako anapeza kamunthu kaja kakukhala pansi. Kanavula nsapato imodzi, kanavula inzake, kanaziika pambali bwinobwino, n'kuyamba kusisita mapazi ake.

Kukua anaseka yekhayekha mpaka misozi. Kenako anachita chimene mwana aliyense akanachita, anathamanga kukauza anthu.

"Kavula chiyani?" anafunsa Ato pakhomo la holo paja.

"Nsapato. Zonse ziwiri."

"Iwe, ine chimakina ichi ndachizungulira katatu. Kamunthu kakafika pamwamba kamayambiranso pansi, basi. Chimene mayi alibe, mwana achitenga kuti?"

"Bwerani mawa mudzaone."

Anabwera asanu ndi anayi. Kukua akuchotsa mphika pamoto, Ato, mwa phuma lake lija, analumikiza yekha mawaya. Kabokosi kachitsulo kaja anangokakankha ndi phazi, n'kulowetsa pulagi ya kamakina m'khoma. Panamveka thwa! ndipo utsi wonunkha unatuluka kumbuyo kwa kamakinako. Mnyamata wamtima wabwino akanapepesa. Koma Ato anaona maso a anzake ali pa iye, ndipo manyazi amabala nkhanza.

"Mwaona?" iye anatero. "Kanali kakufa kale aka. Amadziwa, n'chifukwa chake anatiitana molimba mtima. Tiyeni anyamata, kamunthu kavula nsapato."

Anatuluka akuseka. Pofika Lamlungu mawuwo anali atafika kutchalitchi, ndipo pofika Khirisimasi anali a tauni yonse.

Za moyo wake wotsatira palibe zodabwitsa. Anakwatiwa ndi makaniko wa mainjini a mabwato, munthu wofatsa amene anamwalira mwana wawo Fiifi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mwanayo anamulera ndi dokono, anamuphunzitsa ndi dokono mpaka kukhala mphunzitsi wa masamu. Pabenchi lake anthu ankadya mosaopa. Nsomba ikakhala yadzulo, ankanena yekha kuti, "Iyi ndi yadzulo, ukafuna yalero dikira bwato." Koma anthu omwewo, akunyambita tsabola wake m'zala, ankamutchabe Maame Nsapato. Ine zimenezi zimandikwiyitsa mpaka lero. Munthu anganene zoona zikwi khumi, koma tauni ikakonda nthabwala imodzi siyiisiya.

Ena ankamulangiza kuti angogonja. Abusa ake anamuitanira pambali tsiku lina.

"Mayi Bentsiwa, bwanji osangonena kuti anali maloto a ubwana? Anthu aseka kamodzi, nkhani yatha."

"Abusa," anayankha Kukua, "ndiye mukuti ndiname kuti anthu aleke kunditcha wabodza?"

Abusawo sanaiyambenso nkhaniyo. Kamakina kopserera kaja kanatayika kalekale posamuka nyumba, koma kaseti anaisunga pansi pa sutikesi, atayikulunga m'nsalu ya mayi ake. Nyimbo ija sanaisiye. M'mawa uliwonse pokulunga dokono ankaiimba chapansipansi, ndime zonse khumi ndi ziwiri, chala chachikulu chikudina tsamba pamene kamunthu kayenera kulumpha. Ogula ankayesa ndi nyimbo ya kwaya.

Mulungu ali ndi nthabwala zake. Mwa atsikana onse a m'Sekondi ndi Takoradi, Fiifi anakakonda Ewurabena, namwino, mwana wa Ato Yankson. Ato tsopano anali ndi mimba, dazi ndi sitolo ya maukonde, koma pakamwa panali pomwe paja. Anawo atakwatirana, Ato ndi Kukua anakhala asewere, n'kumalonjerana ndi mano okha.

Mwana woyamba anabadwa Lachitatu, wamkazi, ndiye dzina la tsiku linali Kukua popanda wofunsa, poti kwathu ndilo dzina la mtsikana aliyense wobadwa tsiku limenelo. Linatsala dzina lenileni, limene bambo amasankha kwa munthu wamakhalidwe a pamtundu pake. Lachisanu madzulo, banja lonse lili pabwalo la nyumba ya Fiifi, iye anati mwanayo adzakhala Kukua Bentsiwa, ndipo mwini dzina ndiye adzamulawitse madzi pa tsiku lachisanu ndi chitatu.

Ato anatsitsa kapu yake pang'onopang'ono.

"Mkamwini, dzina ndi lako kusankha, ine sindikana. Koma mwana amatenga mtima wa mwini dzina, zimenezo sindinayambitse ine. Ndiye Lachitatu likubwerali tidzuke m'mamawa, tisonkhane, munthu anyamule mdzukulu wanga, amudonthezere madzi palilime n'kumuuza kuti, ukati madzi akhale madzi. Womuuzayo ndani? Amene anaona nsapato?"

Ena anaseka, ena anatsokomola. Kukua sanayang'ane Ato, mawu ake anali atawazolowera. Anayang'ana mpongozi wake. Ewurabena, mtsikana amene ankamukonda, amene ankabwera kudzamuthandiza kutsuka masamba, anagwetsa nkhope n'kufungatira mwana wake pachifuwa. Kukua anamva kuwawa kumene sanakumvepo zaka zonsezo.

M'mawa mwake Fiifi anabwera kubenchi akukanda m'mutu.

"Maame, ndimaganiza, mwina woyambayu timutche dzina la azakhali anga a ku Elmina. Wachiwiri..."

"Nawenso?"

"Ayi Maame, ine ndimakukhulupirirani, kungoti mtendere..."

"Umandikhulupirira ngati mmene umakhulupirira kuti agogo ako anameza mbedza ali moyo. Khala apa uyang'anire mphika."

Kukua analowa m'nyumba, anabwerako ndi kanthu kokulunga m'nsalu n'kukaika m'manja mwa mwana wake.

"Foni yakoyo umati imadziwa zonse. Ipeze munthu amene ali ndi mayi wake wa kaseti iyi. Uli ndi masiku atatu."

Munthuyo anapezeka ku Accra. Dzina lake Dedei Lamptey, mayi wokonza mativi akale, amene chipinda chake chimodzi chinadzaza timakina ta magemu timene anthu ena anataya. Kamakina ka mtundu womwewo anali nako, anakatola mumulu wa zitsulo zochokera kunja, koma kaseti ya Kanyali anali asanaigwirepo m'manja. Ataona chithunzi chake anakuwa pafoni mpaka Fiifi anaitalikitsa kukhutu. Anati abwera Lachiwiri, ulendo alipira yekha. Koma anawonjezera mawu ena, ndipo Fiifi, poti ndi mwana wa mayi ake, sanawabise.

"Akuti anthu ochepa amene ali nayo kunjako analemba kuti gawo lomaliza siliwolokeka. Akuti opanga anaisiya yosamaliza, paphomphopo palibe popondapo."

Nkhani imeneyi inafika kwa Ato dzuwa lisanalowe. Anagulira anthu mowa wa mgwalangwa, n'kulengeza kuti Lachiwiri atseka sitolo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma Ato miyambi ankaidziwa ya anthu ena okha.

Lachiwiri asodzi salowa m'nyanja, ndiye anthu anali ndi nthawi. Pofika chakumasana pansi pa chisakasa cha Kukua panalibe poponda. Dedei, mayi wamfupi wa magalasi okhuthala, anatsitsa m'takisi tivi yachimimba ndi kamakina kokulunga m'thawulo. Potulutsa kabokosi kochepetsa magetsi, Kukua anakweza mawu.

"Mwana wanga, ako ndiye usakaiwale. Ndipo asewere anga aime patali ndi khoma."

Achikulire amene ankaikumbukira nkhaniyo anaseka, Ato n'kuseka nawo mochedwa. Dedei anapukuta mano a kaseti ndi thonje, anailowetsa, n'kuyatsa. Kamunthu kanatulukira, ndipo Kukua anadzidzimuka. Kanavala malaya ofiira. Nyanja inali yobiriwira, nkhanu zachikasu, ndipo tivi inkalira kanyimbo kothamanga kamene iye anali asanakamvepo chibadwire.

"Kodi kanali ndi malaya ofiira?" anadzifunsa chapansipansi.

Anakhala pampando wake wokulungira dokono n'kutenga chodinira. Zala zake zinali zokhakhala, zopsa ndi nthunzi ya zaka zambiri. Anagwa pagawo loyamba. Anayambanso, nkhanu inamuluma pachiwiri. Miyoyo itatu ya kamunthuko inatha ngati mtedza m'manja mwa ana. Anayambanso, chimodzimodzi.

"Asewere, musadzivute," anatero Ato ali pampando wapulasitiki umene anabwera nawo. "Nsapato zili kutali. Mwina tiyambe ndi chipewa."

Anthu anafa nacho chiseko. Ewurabena anali ataima kumbuyo, pakhomo, poti mwana anali asanatulutsidwe ndipo anamusiya m'nyumba ndi mayi ake kwa kanthawi. Kukua anapukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu. Anazindikira chimene chinkamusokoneza. Nthawi iliyonse akayamba nyimbo yake mumtima, kanyimbo ka tivi kankamukoka mwendo.

"Sista Dedei, chitsekeni pakamwa chinthuchi."

"Anti?"

"Yathu sinkalankhula. Tsekani mawu."

Tivi inakhala duu. Ndiyeno Kukua anayamba kuimba mokweza, ndi mawu ake okulungira dokono aja. Ponda, ponda, nkhanu ipite. Chala chinadina nthawi isanakwane, kamunthu kanaganiza kaye monga mwa khalidwe lake, n'kulumpha bwinobwino. Gawo loyamba linatha, lachiwiri, lachitatu. Mayi wina wogulitsa nkhanu zenizeni anagwira pakamwa.

"Abale! Si nyimbo ya kwaya ija iyi? Ine ndakhala ndikuiimbira kubafa zaka zonsezi!"

Theka la anthuwo linkaidziwa nyimboyo, poti aliyense anadikirapo dokono pabenchilo. Anayamba kuvomera, amayi kuwomba m'manja, asodzi kulowetsa mawu awo okokera khoka. Dedei anatulutsa foni n'kuyamba kujambula. Sizinayende mosalala ayi. Pagawo lachisanu ndi chitatu Kukua anasokoneza ndime ziwiri, miyoyo yonse n'kutha, ndipo anayambiranso pansi kawiri. Anamwa madzi, anatukwana mbalame ina ndi mawu amene sindingawalembe pano, n'kupitiriza. Dzuwa litapendeka anafika pagawo lakhumi ndi chiwiri ali ndi miyoyo iwiri.

Nyimbo inaima.

Phompho linalipo, nkhungu inalipo. Koma nkhunguyo inkaphethira mofiira ndi mobiriwira, mothobwa m'maso, ndipo munalibe kanthu. Popondapo panalibe ngakhale pamodzi. Kukua anatsinzina, anatsegulanso. Anaimba ndime yomaliza yekha, n'kulumpha mongokhulupirira. Kamunthu kanagwa ndi nyali yake.

Unatsala moyo umodzi. Ngakhale Ato sanaseke, anangopinda manja ngati woweruza amene mlandu wamukomera. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, Kukua anachita mantha ndi mutu wake womwe. Bwanji ngati abusa aja ankanena zoona? Mtsikana ali yekha m'nyumba, kutentha, utsi wa nkhuni, tulo ta masana. Bwanji ngati anakana kugonja moyo wake wonse chifukwa cha maloto?

"Anti, pepani," anatero Dedei mofatsa, atagwada pambali pake. "Mwafika pamene anafika akatswiri akunja. Zimenezi zokha n'zazikulu."

"Sindinabwere kudzafika pamene anafika anthu ena." Kukua ankalankhula maso ali pativi. "Sinali chonchi nkhunguyi. Iyi ikuchita kuvina ngati zovala za pa Khirisimasi. Yanga inali yotuwa ngati phulusa, timasitepe tili m'kati, todera pang'ono."

Dedei anakankhira magalasi m'mwamba.

"Yotuwa? Anti, tivi yanu inali yotani?"

"Yakale, ya bambo anga. Yakuda ndi yoyera."

Dedei anadzimenya pachipumi. Anatsegula kachitseko ka pansi pa tivi n'kupotokola kachitsulo kamodzi mpaka kumapeto. Malaya ofiira anazimirira, nyanja inatuwa, nkhungu inaleka kuvina. Ndipo m'katimo, mofooka ngati madontho a mafuta pansalu, munaoneka timasitepe. Msodzi wina anayamba kuwerenga mokweza, anthu n'kumuthandiza. Tinali tisanu ndi tiwiri.

Anthu akunja aja onse anali ndi mativi abwino. Palibe mmodzi yemwe anaganizapo zoionera gemuyo pa tivi ya munthu wosauka.

"Ndiimbireni," anatero Kukua.

Anamuimbira. Ponda, dikira, lumpha usanafike. Sitepe yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Pa yachisanu kamunthu kanatera m'mphepete penipeni, amayi n'kukuwa, koma kanaima. Yachisanu ndi chimodzi, yachisanu ndi chiwiri, kenako makwerero. Kanafika pamwamba, kanatukula nyali yake, ndipo kuwala koyera kunasesa tivi yonse. Chisakasa chinagwedezeka ndi phokoso. Fiifi, mphunzitsi wolemekezeka uja, ankadumpha ngati mwana wa sukulu yake.

Ato anadikira phokoso lichepe. Anali ataimirira, thukuta lili pa dazi, koma munthu wotere sagwa ndi nkhonya imodzi.

"Chabwino, mwawoloka, ndavomera. Koma ife sitinakangane za kuwoloka. Kamunthu ako, kaima. Nsapato zili kumapazi."

Zinalidi choncho. Kamunthu kanangoima pambali pa nyali, osagwedezeka. Pansi pake panali mawu a ku Japan akuphethira. Dedei anati akutanthauza kuti dinani kuti muyambirenso, ndipo anatambasula dzanja kuti adine.

"Musakhudze!"

Kukua anali atakumbukira fungo la dokono lopserera. Tsiku lija iye sanadine kanthu, anathamangira kumoto. Aliyense wozolowera chimakina cha kuholo akanadina msanga, poti pamenepo munthu sataya nthawi, kumbuyo kuli mzere. Anaika chodinira pansi, pasimenti, n'kupinda manja pamiyendo.

"Tidikire chiyani tsopano?" anafunsa Ato.

"Munthu wakwera nsanja yonseyi, Ato. Musiye apume. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anadikira. Kunkamveka mafunde okha ndi nkhuku ina kuseri. Mphindi imodzi inatha, ndipo mphindi imodzi ndi yaitali anthu zana akakhala chete. Wina anayamba kusuntha mapazi. Ato anatsegula pakamwa. Pomwepo mawu ophethira aja anazima, ndipo kamunthu kanayang'ana kumanzere, kanayang'ana kumanja, ngati kakufuna kutsimikiza kuti palibe akukaona. Kanakhala pansi. Kanavula nsapato imodzi. Kanavula inzake, kanaziika pambali bwinobwino, n'kuyamba kusisita mapazi.

Zimene zinachitika pamenepo sindingazifotokoze mwadongosolo, chifukwa dongosolo panalibe. Amayi a kumsika anamuthira Kukua paudala woyera kumutu ndi m'mapewa monga timachitira ndi wopambana mlandu. Asodzi anafuna kumunyamula ndi mpando womwe, iye n'kuwaopseza ndi chikombe. Dedei ankalira, akunena kuti kwinakwake ku Japan kuli munthu amene anajambula timapazi timeneto zaka zonsezo zapitazo, mwina osadziwa kuti alipo anationa. Ewurabena anadutsa pakati pa anthu, anagwada n'kuika mutu pamiyendo ya apongozi ake. Kukua anangoyang'anabe pativi, misozi ikudula mizere paudala uja.

"Wakalamba bwanji osasintha," anauza kamunthuko. "Ine mapazi anga ndi omwe akudziwa."

Atatembenuka kuti amuone Ato, anapeza mpando wapulasitiki wokha.

Lachitatu kunacha bwino. Anthu anasonkhana pabwalo la Fiifi dzuwa lisanatuluke, onse m'zovala zoyera. Patebulo panali makapu awiri, ina ya madzi, ina ya mowa. Kukua anakhala pampando wa kutsogolo, ndipo malo a bambo a Ewurabena anali opanda munthu. Ena anayamba kunong'ona kuti wadwala, ena kuti wathawira ku Tarkwa kwa mng'ono wake.

Ato analowa mwana atatsala pang'ono kutulutsidwa. Anavala nsalu yake yaikulu ya pamwambo, ndi nkhwayira zachikopa zimene amazisunga m'bokosi. Sanapite pamalo pake. Anayenda mpaka pamaso pa Kukua n'kuima. Anatsitsa nsalu paphewa mpaka m'chiuno, monga amachitira munthu pamaso pa wamkulu. Kenako anatulutsa phazi limodzi m'nkhwayira, anatulutsa linzake, n'kuponda dothi lozizira la m'mawa.

"Maame Bentsiwa," iye anatero, mawu ali okhakhala. "Kamakina kaja ndinakawotcha ndine. Kanali kamoyo. Ndinadziwa tsiku lomwelo, ndipo ndadziwa tsiku lililonse."

Kumbuyo, nkhalamba ina ya m'gulu la asanu ndi anayi aja inalephera kudzigwira.

"Kavula nsapato!"

Bwalo lonse linaphulika, ndipo Kukua anaseka nawo mpaka kugwira m'nthiti. Anamusiya Ato aime choncho kanthawi ndithu, poti zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri si masewera. Kenako anamukodola.

"Valani, asewere, mungatenge chimfine n'kudzanenanso kuti ndine. Khalani apa pafupi, mumve bwino."

Ewurabena anabweretsa mwana n'kumuika yekha m'manja mwa apongozi ake. Fiifi anatchula dzina, anthu anavomera. Kukua anaviika chala m'kapu yoyamba, chala chokhakhala chomwe chija, n'kudontheza palilime la khandalo. Mwanayo anakwinya nkhope, n'kumeza.

"Kukua Bentsiwa," anatero mwini dzina, mokweza kuti amve nawo a kumpanda. "Ukati madzi, akhale madzi. Akakuseka, akusekebe. Ndi madzi."